Musanalime m'mbali mwa mtsinje, yambani mwaona njira ya mvuu

Alimi anzanga, nkhani ya mvuu ambiri timaiyamba mochedwa, mbewu zitadyedwa kale. Ine ndimati musanagwire khasu n'komwe, lawirirani m'mawa mukayende m'mbali mwa mtsinjewo maso ali pansi. Mvuu ndi nyama yachizolowezi, ikatuluka m'madzi usiku imakonda kudutsa pomwe inadutsa dzulo mpaka njirayo imakumbika, ndipo mukayang'anitsitsa muona timizere tiwiri, pakati patatsala kaudzu, chifukwa miyendo ya mbali iliyonse imaponda mzere wake. Phazi lake ndi la zala zinayi. Pa zitsamba mupeza ndowe zomwazika, imeneyo ndi yamphongo, imapukusa mchira ikamachita chimbudzi. Mukaona zimenezi basi dziwani kuti pamenepo si polima.

Masana imabisala m'madzi chifukwa khungu lake silichedwa kuuma padzuwa, ndipo zofiira zija zimatuluka pakhungupo si magazi ayi, ndi madzi oiteteza ku dzuwa ndi tizilombo. Kudya ndi usiku, udzu pafupifupi makilogalamu 40, ndipo imayenda makilomita angapo kuufuna. Ndiye ife tikalima mpaka pagombe penipeni msipu wonse tautembenuza, mukuti ikadye chani? Siyani malo a udzu pakati pa madzi ndi munda, zimathandizanso kuti gombelo lisamagumuke.

Potchinga munda, pezerani mwayi pa thupi lake lomwelo. Yaikulu imalemera makilogalamu 1,500 kapena kuposa, miyendo ndi yaifupi, kudumpha siitha. Ngalande yakuya kupitirira mita imodzi, makoma ake oongoka, imaibweza bwinobwino bola muziikonza mvula ikaigumula, ndipo ntchitoyi imapepuka oyandikana minda mukakumba limodzi. Mpanda ukhale wa mitengo yolimba yozikika bwino. Wa udzu kapena mapesi aaa kumeneko n'kutaya nthawi, ingodutsa ngati palibe kanthu. Koma tchingani munda wokha, njira yake yobwerera kumadzi musaitseke.

Apa ndi pomwe anthu amavulalira. Mvuu ikadzidzimuka pamtunda imathamangira kumadzi, ndipo amene ali pakati imamugunda, musanyengeke ndi kunenepako, imatha kufika makilomita 30 pa ola, simungaipose. Olondera usiku khalani ndi tochi, khalani mbali ya kumtunda, phokoso muchite muli patali isanalowe m'munda osati kuithamangitsa italowa kale. Ikayasamula kukamwa konse si tulo, ikukuonetsani mano, ndipo akulu aja amafika masentimita 50. Yomwe ili ndi mwana ndiye musayese n'komwe kuyandikira.

A pabwato nanunso, mvuu kwenikweni siisambira, imayenda pansi pamadzi n'kumadzikankha ndi miyendo, ndipo imatha mphindi 5 isanatulutse mphuno, ndiye dziwe looneka zii silitanthauza kuti mulibe kanthu. Muzigogoda bwato ndi nkhafi kuti idziwe kuti mukubwera, ikatulutsa mutu muilambalale patali. M'chilimwe madzi akaphwa zimapanikizana m'maiwe ochepa, ndewu zimachuluka, yopirikitsidwa ndi zinzake imakabisala patchire ndi mabala ndipo imeneyo ndi yolusa kwambiri. Mukaiona yotere, kapena ina yomangobwerabwera kumunda ngakhale mwatchinga, osaitchera msampha, kauzeni oyang'anira nyama zakutchire a m'dera lanu tsiku lomwelo.