NVDA imangoti "button" basi pa fomu yathu

Mnzanga wina wosaona anadandaula kuti pa webusaiti ya kagulu kathu akulephera kutumiza fomu, NVDA (pulogalamu yomwe imamuwerengera mokweza zomwe zili pa sikirini) imangoti "button" osanena kuti batanilo ndi lachani. Ndinayesa kuika kapulagini (kapulogalamu kowonjezera pa webusaiti) kokulitsa zilembo, palibe chinasintha.

Ndiye ndinaika NVDA pa kompyuta yanga, ndi yaulere, mausi ndinaiponya pambali n'kumayenda ndi Tab yokha. Apa mpomwe ndinaona vuto, batanilo linali kachithunzi ka envelopu chabe kopanda mawu, ndiye mu khodi ndinalipatsa dzina loti NVDA iziwerenga, aria-label="Tumizani", kenako bokosi lililonse ndinalimangirira ku label yake (mawu onena zoti ulembe m'bokosimo), for ya label ndi id ya bokosi zifanane ndendende apo ayi sizigwira. Zithunzi ndinaziikira alt (mawu ofotokoza chithunzicho), n'kuyeza ndi WAVE, pulogalamu yoonetsa zomwe zingavute anthu olumala pa webusaiti, yomwenso ndi yaulere. Ndalama zangopita pa bandulo basi, pano mnzangayo akutumiza yekha.