Mwala wofiira: kuuyeza m'madzi musanautchule kuti rubi

Chiyambire 2009 pamene rubi anapezeka ku Montepuez m'dziko la Mozambique, wotola mwala wofiira ku Angónia kapena ku Tsangano amafulumira kuutchula rubi. Komatu miyala ina monga garnet ndi spinel, ngakhale chidutswa cha botolo, zonsezi zimafiira, choncho mtundu wokha musaudalire. M'labotale timayamba ndi kulemera kwa mwala poyerekeza ndi madzi, chifukwa njirayi imagwira ngakhale pa mwala wosadula.

Tsukani mwalawo ndi sopo, muumitse, muuyeze pa sikelo yowerenga mpaka 0.01 g. Tinene kuti walemera 2.40 g. Kenaka ikani kapu ya madzi pa sikelo, bwezani pa ziro, mangani mwala ndi ulusi wopyapyala n'kuumiza wonse, koma ulendewere, usakhudze pansi kapena m'mbali mwa kapu. Sikelo ikaonetsa 0.60 g, gawani 2.40 ndi 0.60, mupeza 4.00. Rubi ndi safaya amakhala pamenepo. Spinel ali pa 3.60, topazi 3.53, tourmaline pafupi ndi 3.06, aquamarine pafupi ndi 2.70, quartz 2.65.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Timathovu ta mpweya tokakamira pa mwala kapena pa mfundo ya ulusi timatsitsa nambala yomwe mumapeza mukagawa, ndiye dontho limodzi la sopo wamadzi m'kapumo limathandiza. Mwala umene ukadali ndi thanthwe lake umanamiza. Kamwala kosakwana karati imodzi, yomwe ndi 0.2 g, sikelo yotereyi siingakayeze bwino. Bwerezani katatu.

4.00 yokha siitsimikiza kanthu, pakuti garnet wina amafika pomwepo. Suzumirani mu dichroscope, kachipangizo koonetsa mitundu yosiyana ya kuwala kodutsa m'mwala, mukutembenuza mwalawo: rubi amaonetsa kufiira kwa mitundu iwiri, garnet ndi spinel mtundu umodzi basi. Ngati pali mbali yosalazidwa, refractometer, chipangizo choyeza mmene mwala umakhotetsera kuwala, imapereka 1.762 ndi 1.770 pa rubi. Mankhwala amadzi omwe amadonthezedwa pa chipangizochi poyeza ndi poizoni, musawagwire ndi chala.

Chovuta kwambiri ndi rubi wopangidwa ku fakitale, amene achinyengo amamuswa n'kumupaka dothi kuti aoneke wokumba. Nambala zake ndi zomwezo. Yekhayo amagwidwa ndi kagalasi kokuza kakhumi kapena maikulosikopu: kawirikawiri mkati mwake mumaoneka mizere yokhota ndi timathovu tobulungira, pamene wachilengedwe mizere yake ndi yowongoka, nthawi zina ndi tisingano ta mwala wina wotchedwa rutile.

Chonde, musayese mwala poumenya ndi nyundo kapena kuukanda ndi tupa. Ngakhale rubi weniweni amasweka, mtengo n'kugwera pomwepo.