Mwagundana pang'ono: muwauze a inshuwalansi kapena ayi?

Galimoto zikangokhudzana, bampala n'kuphwanyika kapena nyali kusweka, musafulumire kuvomera kulakwa pamsewu pomwepo. Jambulani kaye zithunzi galimoto zisanasunthidwe: manambala onse awiri, powonongeka, laisensi ya mnzanuyo ndi pepala lake la inshuwalansi.

Kenako onani inshuwalansi yanu. Ya third party sikonza galimoto yanu, imalipira za mnzanuyo basi. Ngati ndi comprehensive, yomwe imakonzanso galimoto yanu, makaniko akuuzeni mtengo, muuyerekeze ndi excess, gawo limene mumalipira nokha. Mwachitsanzo, kukonza kukakhala K150,000 pomwe excess ndi K120,000, ndi bwino kungokonzetsa nokha, poti mukapempha chipukutamisozi mungatayenso mwayi wochotseredwa mtengo wa inshuwalansi chaka chamawa. Komabe kampani ya inshuwalansi idziwitseni msanga, kuopa kuti mnzanuyo angadzasinthe maganizo.

Bampala ya pulasitiki imanamiza. Imabwerera m'malo mwake pomwe kuseri radiator, yosunga madzi oziziritsa injini, yang'ambika. Tsegulani boneti, suzumirani pansi ngati madzi akudontha.

Wina akangodandaula khosi kapena msana, za kukambirana zathera pomwepo: pitani kupolisi, chifukwa makampani a inshuwalansi amafuna lipoti la apolisi asanalipire. Ngati palibe wovulala ndipo mwagwirizana panokha, lemberanani ndalama ndi tsiku lolipira, musainirane pamaso pa mboni.