Momwe mungakonzere mwambo wolemekeza mainjiniya amene anaphunzira pasukulu yanu

Mbiri ya mainjiniya ambiri timaimvera pamaliro. Wowerenga mbiri akaimirira pafupi ndi bokosi m'pamene timayamba kunong'onezana kuti, kani bambo aja tinkawaona akugula usipa pa Kamuzu Road ndi amene anayeza msewu timadutsa tsiku ndi tsikuwu? Eni ake ali chigonere, sakumvanso kanthu.

Nkhaniyi ndalembera magulu a ophunzira akale a sukulu za luso ndi uinjiniya amene muli kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota, kaya munadutsa pa Salima Technical College ku Senga Bay, pa Poly imene kuyambira 2021 ikutchedwa MUBAS, ku Bunda kapena ku MUST. Ndakhalapo m'makomiti awiri okonza mwambo wotere. Umodzi unayenda bwino. Winawo unatisiyira ngongole ya matenti komanso anthu awiri amene mpaka lero sapatsana moni.

Choyamba: komiti, ndipo malamulo alembedwe dzina lisanatchulidwe

Sankhani anthu asanu kapena asanu ndi awiri, osapitirira pamenepo. Mukhale mphunzitsi wopuma amene anaphunzitsa magulu angapo, mayi amene ali pantchito ya uinjiniya, mmisiri amene amagwiradi sipanala, ndi wophunzira mmodzi amene akadali pasukulupo. Aliyense wa m'komiti asapikisane nawo chaka chimenecho, ndipo pakakambidwa za mlamu wake kapena bwana wake, azituluka panja.

Lamulo lina limene linatipweteka titaliphonya ndi ili: opereka ndalama asakhale nawo posankha. Pamwambo unatisokonekera uja, mkulu wina anadzipereka kulipira chakudya chonse ndi zakumwa. Titafika posankha, palibe analimba mtima kunena kuti ntchito zake sizikufika pa za anzake. Chikho chinapita kwa iye, ndipo anthu anachitcha chikho cha mpunga.

Chachiwiri: gwirizanani chimene mukulemekeza

Apa m'pamene pali nkhani yonse, choncho musathamange. Mukangonena kuti tikufuna kulemekeza anzathu amene zinthu zawayendera, maina amene abwere ndi a anthu a magalimoto akuluakulu ndi maudindo a ku Capital Hill. Udindo si woipa, koma injiniya amadziwika ndi chimene anasiya pansi. Funso likhale lakuti, anapanga chiyani, chili kuti, chikugwirabe ntchito?

Zinthu zofunsira funsoli kwathu kuno sizisowa. Pali njanji imene inafika ku Salima mu 1935 n'kupitirira ku Lilongwe mu 1979, ndipo pali anthu amene anaisamala zaka zambiri. Pali malo opangira magetsi a dzuwa a 60 megawatts ku Nanjoka amene anatsegulidwa mu 2021. Pali fakitale ya shuga ndi ya ethanol ku Dwangwa, masikimu a mpunga a Lifuwu ndi Bua, doko la Chipoka, milatho ya pa Linthipe ndi pa Bua, mapampu ndi mathanki a Central Region Water Board. Paliponse pamenepa pali munthu amene anawerengera, wina anayang'anira, wina amadzuka usiku makina akaima.

Ine ndimalangiza magulu anayi okha a olandira mphoto. Loyamba ndi munthu amene watumikira nthawi yaitali, tinene zaka 25 kapena kuposerapo. Lachiwiri ndi wachinyamata amene sanathe zaka khumi chitulukireni pasukulu. Lachitatu ndi wa ntchito imene yasintha moyo wa anthu akumudzi. Lachinayi, limene ambiri amaliiwala, ndi la wosamalira zinthu: uja amene wapangitsa kuti pampu ya sikimu kapena jenereta ya chipatala isafe kwa zaka zambiri. M'dziko muno timakonda kudula riboni, koma wokonza chinthu chikawonongeka sitimuwerengera.

Musachite tsankho pakati pa wa digiri, wa dipuloma ndi wa satifiketi ya TEVETA. Mapulani ojambulidwa bwino sanayambe aimika mlatho popanda wowotcherera ndi wosakaniza konkire wodziwa ntchito yake. Za amayi, ena amafuna gulu lawolawo. Maganizo anga ndi akuti apikisane m'magulu onse, komiti ingoonetsetsa kuti maina awo afikadi patebulo, chifukwa nthawi zambiri anzawo aamuna sawakumbukira.

Chachitatu: itanitsani maina

Lengezani kwa mwezi wathunthu pa magulu a WhatsApp, pa Facebook, pabolodi ya sukulu ndi pa wailesi za m'dera monga Nkhotakota Community Radio, chifukwa akuluakulu opuma ambiri sali pa intaneti. Fomu ikhale ya tsamba limodzi: dzina, chaka chimene anamaliza, ntchito ziwiri kapena zitatu ndi malo amene zili, gawo limene iye anachita, ndi anthu awiri amene angachitire umboni. Munthu asadzitchule yekha. Fomu yongodzaza mawu oti ndi munthu wabwino, wodzichepetsa, woopa Mulungu koma yopanda ntchito yooneka, ibwezeni kwa mwini wake akaonjezere.

Chachinayi: pitani mukaone ndi maso

Zakumva zimapweteka mutu. Gawo limeneli ndi limene limadya nthawi ndi mafuta, ndipo ndi limene makomiti ambiri amalidumpha.

Yambani ndi mapepala. Funsani kuofesi ya sukulu ngati munthuyo anamalizadi maphunziro pamenepo; alipo ena amene anangodutsapo teremu imodzi koma amayankhula ngati anamanga nawo sukuluyo. Kenako onani ngati ali m'kaundula wa Malawi Engineering Institution, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 kuti lizilembetsa ndi kuyang'anira anthu a ntchito ya uinjiniya. Ngati ali ndi kampani ya zomangamanga, fufuzaninso kubungwe loyang'anira makontirakita limene ambiri timalidziwa kuti NCIC. Munthu amene ali ndi mlandu wokhudza ntchito yake umene sunathe kubwalo, musamuweruze, ingosungani dzina lake kudikira chaka china.

Mukatha mapepala, anthu awiri a m'komiti akwere galimoto kapena kabaza apite pamalopo osalengeza. Nthawi yabwino ndi mvula ikangotha, cha mu Epulo kapena Meyi, chifukwa madzi otsika m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi ndiwo amayesa ntchito ya injiniya kuno kunyanja. Pa kalavati, onani ngati madzi sanakumbe pansi pake, ngati zipupa za m'mbali sizinang'ambike, ngati dothi lothira m'mphepete silinakokoloke. Pa nyumba, ming'alu yopingasa yochokera pakona ya zenera kapena chitseko imanena za maziko, makamaka m'madera a dothi lamakande limene limatupa ndi mvula n'kung'aluka m'chilimwe. Pa mjigo kapena mpope wa sola, musafunse mfumu yokha, funsani amayi amene amatunga: madzi amatuluka mpaka Okutobala? Ali ndi mchere? Ukawonongeka amakonza ndani, nanga zipangizo zimapezeka kuti? Amayi a pamjigo sabisa mawu.

Chomaliza pagawoli, dziwani bwinobwino chimene munthuyo anachita. Pa ntchito yaikulu pamakhala wojambula mapulani, woyang'anira m'malo mwa mwini ntchito, ndi womanga. Mukamupatsa munthu ulemu wa ntchito yonse pamene iye anangoyang'anira mbali imodzi, anzake amene anakhetsa naye thukuta amva, ndipo mphoto yanu ichepa mphamvu. Muimbireni mwini wake mumufunse. Injiniya weniweni amayamba yekha kutchula anzake.

Chachisanu: tsiku, malo ndi ndalama

Ena amakonda 4 Marichi, tsiku limene UNESCO inaika kuti likhale lokumbukira ntchito ya uinjiniya padziko lonse. Tanthauzo lake ndi labwino koma kwathu kuno ndi pakati pa dzinja, msewu wa M5 umatha kuvuta, ndipo m'matumba mumakhala mutauma. Ine ndimakonda Juni kapena Julayi: kwazizira, anthu akolola, ndipo pa 23 Juni ndi tsiku la amayi a ntchito ya uinjiniya. Okutobala ndi Novembala apeweni, pokhapokha ngati mukufuna alendo ovala masuti akomoke mutenti. Onaninso kuti musagundane ndi mayeso a ophunzira, ndipo kumbukirani kuti dera lathu lili ndi Asilamu ambiri: Lachisanu masana ndi mwezi wa Ramadan si nthawi yoitanira anthu kuphwando, ndipo nyama ikhale yoti aliyense adye.

Malo akhale pasukulu pomwepo ngati n'kotheka. Kuhotela ya kunyanja kumakoma, koma ophunzira sakafikako, ndipo ndi iwo amene akufunika kuona. Ngati sukulu yanu ili ku Blantyre kapena ku Thyolo, pemphani holo ya sekondale kapena koleji ya kuno. Zopereka zizilowa pa nambala imodzi ya Airtel Money kapena Mpamba ya gulu, kapena ku akaunti yosainira anthu awiri, ndipo msungichuma aziika ndondomeko yake pagulu sabata iliyonse.

Chachisanu ndi chimodzi: lembani mawu owerenga popereka mphoto

Asapitirire mphindi ziwiri, ndipo akhale m'Chichewa choti agogo ake a wolandirayo amve. Mndandanda wa maudindo ndi misonkhano imene anapitako usiyeni. Nenani chimene chinalipo kale, chimene iye anachita, ndi mmene zilili lero. Mwachitsanzo: "Mayi Uje asanafike, alimi a pasikimu yakuti ankathirira mbali imodzi yokha chifukwa ngalande yaikulu inkataya madzi panjira. Iwo anayezanso kutsetsereka kwa ngalandeyo, anasintha zitseko zogawira madzi, n'kuphunzitsa alimi eni ake kuzisamala." Manambala aliwonse amene muikemo, kaya mahekitala kaya mabanja, akhale amene mwawatsimikiza pa ulendo uja. Muonetseni mwini wake musanawerenge pagulu.

Chachisanu ndi chiwiri: mphoto yake

Chikho cha pulasitiki chogula mumzinda sichiyenera anthu a luso. Apatseni ntchito ophunzira a m'wekishopu kuti apange okha chikumbutso cha chitsulo kapena thabwa, cholembedwa dzina ndi chaka. Ndinaona mkulu wina akutembenuza chikumbutso chotere kuyang'ana mmene anawotcherera kumbuyo kwake, kenako n'kufunsa kuti mwana amene wachita izi ali kuti. Sabata yotsatira anamutenga pa atachimenti, kuti akaphunzire ntchito poigwira.

Mpempheni wolandira aliyense chinthu chimodzi chotheka: kubwera kudzaphunzitsa tsiku limodzi, kutenga ophunzira awiri pa atachimenti, kapena kutsogolera kalasi kukaona ntchito yake. Musamupemphe ndalama pa tsikulo. Zimaoneka ngati mwamuitanira kudzamukama.

Tsiku lenileni

Aitaneni a bwanamkubwa, gogo chalo ndi mkulu wa sukulu mwa kalata, kudakali masabata atatu. Andale akabwera alandireni mwaulemu, koma zoyankhula zawo zikhale ndi malire ndipo nsalu za chipani zitsale kunyumba. Wolandira mphoto apatsidwe nthawi yambiri kuposa mlendo wolemekezeka, ndipo m'malo mwa sipitchi, ophunzira amufunse mafunso: ntchito iti inakukanikani, munalakwitsapo chiyani, munayamba ndi malipiro otani? Itanani mkazi kapena mwamuna wake aime naye kutsogolo, popeza ndi amene ankatsala ndi ana iye ali kumisasa. Amene akudwala kapena wakalamba kwambiri, mutengereni mphotoyo kunyumba kwake tsiku lomwelo, musadikire chaka chamawa.

Pasanathe sabata, ikani pagulu ndalama zonse zimene zinalowa ndi kutuluka, ndi malisiti ake. Wapampando aimbire foni amene anatchulidwa koma sanasankhidwe, awauze kuti mafomu awo asungidwa. Zithunzi, mawu owerengedwa aja ndi malipoti a maulendo muziike m'faelo imodzi, kope ina mukasiye kulaibulale ya sukulu, ina kwa mlembi amene adzalowe m'malo mwanu.