Mmene ndinathanirana ndi mantha oyankhula pagulu

Ine kale akangoti ndiyankhule pa miting'i, mtima kugunda ngati ng'oma, m'manja thukuta lokhalokha, mawu kumanjenjemera. Ndinkangozemba, koma ukazemba lero mawa mantha amabwera atanenepa.

Ndiye ndinayamba pang'onopang'ono, kudzijambula pa foni ndikuyankhula ndekha mphindi 2 kenako kumvetsera, aaa koyamba ndinathimitsa pakati ndi manyazi. Kenako pamaso pa anzanga awiri, kenako funso limodzi basi pa miting'i iliyonse. Ndisanaimirire ndimakoka mpweya kuwerenga mpaka 4, potulutsa mpaka 6, kutulutsa mosathamanga kumatsitsa kugunda kwa mtima komwe adrenaline wakweza kuja. Chiganizo choyamba ndimachiloweza pamtima, zinazo zimabwera zokha.

Mawondo amagwederabe nthawi zina, koma sabata yathayi ndayankhula mphindi 10 pepala lili m'thumba.