Momwe mungazindikirire angelo a pazithunzi: yambani ndi kuwerenga mapiko

Disembala akamayandikira, ife aphunzitsi a Sande sukulu kuno ku Chibavi timakhala kalikiliki kudula makatoni ndi kumata thonje, kukonza mapiko a sewero la Khirisimasi. Kamvula ka mu Mzuzu kakangowaza, mapikowo amalefuka mngelo asanafike n'komwe kwa Mariya. Chaka chatha kamtsikana kena kadandifunsa kuti, “Aphunzitsi, kodi Gabrieli anali ndi mapiko angati?” Ndidatsegula Luka 1, kuwerenga mpaka kumapeto, mapiko osawapeza. Kuchokera tsiku limenelo, ndikaona mngelo pakalendala, m'buku la ana kapena pakhoma la tchalitchi, ndimachita motere.

Choyamba, werengani mapiko. Akakhala 6, ameneyo ndi mserafi wa pa Yesaya 6. Awiri amaphimba nkhope, awiri amaphimba mapazi, ndipo awiri okha ndiwo oulukira. Taonani, mapiko anayi athunthu ntchito yake ndi kudzibisa pamaso pa Mulungu, monga amachitira munthu wolowa pabwalo la mfumu. Dzina lakuti serafi limachokera ku mawu a Chiheberi otanthauza kuyaka, n'chifukwa chake ojambula ambiri amawapaka utoto wofiira. Nyimbo yawo ndi ija yakuti “Woyera, woyera, woyera”. Ayuda amaibwereza m'pemphero lotchedwa Kedushah ataima chilili, mapazi ataphatikiza, ndipo ambiri amanyang'ama pa “woyera” aliyense potsanzira angelowo.

Mapiko akakhala anayi, nkhope zinayi, ya munthu, ya mkango, ya ng'ombe ndi ya chiwombankhanga, pambali pali mikombero yodzaza ndi maso, mwapeza akerubi a Ezekieli 1 ndi 10. Awa ndi alonda. Pa Genesis 3:24 akulondera njira ya ku mtengo wa moyo, pamodzi ndi lupanga lamoto. Pa Eksodo 25 akerubi awiri agolide akuyang'anana pamwamba pa likasa la chipangano, mapiko atatambasula, ndipo Mulungu adauza Mose kuti adzalankhula naye kuchokera pakati pawo. Pakatipo padalibe chifaniziro chilichonse. Kwa Ayuda, amene lamulo lidawaletsa kusema fano la Mulungu, mapikowo ankangosonyeza malo a Iye wosaonekayo. M'kachisi wa Solomoni akerubi adali a mtengo wa azitona, aatali mikono 10, phiko lililonse mikono 5.

Nanga tiana tonenepa ta timapiko tija ta pamakhadi aukwati? Anthu amatitcha akerubi, koma timeneti tidachokera kwa milungu ya chikondi, Eros wa Agiriki ndi Cupid wa Aroma, ndipo amisiri a ku Italy adatibwezeretsa m'zaka za m'ma 1400. Khanda lotero lingalondere munda wa Edeni? Ine ayi.

Chachiwiri, mapiko akakhala awiri okha, yang'anani m'manja. Lupanga kapena mkondo, chinjoka chili pansi pa phazi, ndi Mikayeli wa pa Chivumbulutso 12:7. Nthawi zina amagwiranso sikelo. Duwa loyera la kakombo, ataima pamaso pa Mariya, ndi Gabrieli. Ndodo yapaulendo, nsomba ndi mnyamata pambali, ndi Rafaeli wa m'buku la Tobiti, lomwe lili m'Baibulo la Akatolika. Atatuwa Akatolika amawakumbukira pamodzi pa 29 Seputembala.

Chachitatu, onani ngati wagwira buku, chifukwa alembi anayi a Uthenga Wabwino ali ndi zizindikiro zawo zamapiko. Mkango wamapiko ndi Marko, ng'ombe yamapiko ndi Luka, chiwombankhanga ndi Yohane, munthu wamapiko ndi Mateyu. Ambiri amaphonya pa Mateyu, namuyesa mngelo wamba.

Chachinayi, musathamangire kunena kuti wojambula walakwitsa mukaona mngelo wopanda mapiko. Mawu akuti mngelo, m'Chigiriki ndi m'Chiheberi momwe, amatanthauza mthenga. Alendo atatu a Abrahamu pa Genesis 18 adafika ngati anthu apaulendo, adawaphera mwana wa ng'ombe, nadya pansi pa mtengo. Yakobo adalota angelo akukwera ndi kutsika pamakwerero. Wamapiko angafunirenji makwerero? Akhristu oyambirira ankajambulanso chomwecho: m'manda apansi a Priscilla ku Rome, mthenga wa kwa Mariya alibe mapiko. Mapiko adayamba kuoneka chakumapeto kwa zaka za m'ma 300, amisiri atatengera maonekedwe a Nike, mulungu wamkazi wa chipambano wa Agiriki. Pofika 432 mpaka 440, pomwe ankamanga tchalitchi cha Santa Maria Maggiore ku Rome, angelo amapiko adali atakhazikika kale. Mapikowo amanena za liwiro la mthenga ndi kumene wachokera.

Za khungu musavutike nazo. Pa denga la tchalitchi cha Debre Berhan Selassie ku Gondar, ku Ethiopia, pali mizere ya nkhope za angelo amapiko, a tsitsi lakuda ndi maso aakulu, ofanana ndi eni dzikolo.

Ine chaka chimenecho ndidati Gabrieli alowe wopanda mapiko, atangovala nsalu yoyera, duwa kumanja. Tikuyeserera Loweruka, agogo ake a mwana wosewera Gabrieliyo adandiitanira pambali. “Aphunzitsi, mdzukulu wanga mwamulanda udindo kodi?” Madzulo ake ndidapita ku msika wa Zigwagwa kukapempha katoni ina.