Laputopu yakale musaitaye, ikanimo Linux Mint

Laputopu imene ndikulembera nkhaniyi ndakhala nayo zaka zoposa khumi. Chilembo cha pa batani la E chinafufutika kalekale, batire lake silitha ola limodzi, ndipo pakona pali mng'alu wa tsiku limene inagwa patebulo. Koma imayaka msanga, ndimalemberapo, ndimatsegulirapo intaneti ndi kusindikiza makalata. Chimene chinaiukitsa ndi Linux Mint, pulogalamu yoyendetsera kompyuta imene imalowa m'malo mwa Windows. Zimandipweteka ndikaona makina abwinobwino atatsekeredwa m'kabati chifukwa mwiniwake anauzidwa kuti atha ntchito, choncho ndikufotokozereni mmene ine ndimaikira.

Pa 14 October 2025, Microsoft inathetsa thandizo la masiku onse la Windows 10. Pali njira yoti munthu apitirize kulandira zokonza za chitetezo kwa kanthawi, koma nayonso ili ndi polekezera. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndiponso purosesa yatsopanoko. Kwa Intel kawirikawiri ndi ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, imene inayamba kutuluka chakumapeto kwa 2017. Ngati yanu ndi yakale kuposa apo, khomo limenelo ndi lotseka. Makinawo sanawonongeke ayi, pulogalamu yowayendetsa ndi imene yawasiya.

Linux ndi pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta, ndipo khodi yake ili poyera. Aliyense ali ndi ufulu woiwerenga, kuisintha ndi kuigawira anzake. Anaiyamba ndi Linus Torvalds mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, ndipo inalumikizana ndi mapulogalamu otchedwa GNU amene Richard Stallman anayamba kupanga kuyambira 1983. Linux Mint ndi mtundu umodzi wa Linux. Inayamba mu 2006 ndipo imamangidwa pa mtundu wina wotchedwa Ubuntu, umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anaukhazikitsa mu 2004. Dzina loti Ubuntu ndi mawu omwe aja amene ife timati umunthu, ndipo kwa ine likuyenera: anthu amene sindidzakumana nawo anagwira ntchito yaikulu n'kundipatsa popanda kundifunsa kuti ndine ndani. Ndimasankha Mint chifukwa munthu wozolowera Windows sasochera. Menyu ili pakona yakumanzere m'munsi, wotchi ili kumanja, mafoda amatseguka monga munazolowera.

Musanakhudze chilichonse, sungani mafayilo anu kwina. Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ndinapsa. Mlongo wanga anandipatsa laputopu yake kuti ndimuikire Mint. Ndinakopera foda ya Documents, ya Pictures ndi zonse za pa Desktop, n'kuona kuti ndamaliza. Sindinadziwe kuti disiki yake inagawidwa pawiri, ndipo zithunzi za mwana wake kuyambira ali wakhanda zinali ku gawo lachiwiri, lotchedwa D. Ndinasankha kufufuta disiki yonse. Madzulo atandifunsa kuti zithunzi zili pati, ndinasowa mawu. Tinapezako zochepa zimene anatumizirapo abale pafoni, zina zonse zinapita. Kuyambira tsiku limenelo ndimatsegula This PC n'kuyang'ana chilembo chilichonse, C, D, E, mwini laputopu ali pambali panga. Ndimamufunsanso za mapasiwedi amene anasungidwa m'burawuza, chifukwa anthu ambiri sakumbukira n'komwe pasiwedi ya imelo yawo, kompyuta ndi imene imawakumbukirira. Mukakopera zonse pa hard disk yakunja, itsegulireni pa kompyuta ina muone ngati mafayilo akutsegukadi.

Mukatero, pitani pa linuxmint.com mukatenge fayilo ya ISO, imene muli Mint yonse yoti muike. Ndi yaikulu pafupifupi 3GB, choncho itsitseni pamene intaneti ili yokhazikika. Mupeza mitundu itatu ya Mint, yosiyana maonekedwe ndi kulemera kwake: Cinnamon, MATE ndi Xfce. Eni ake amati Mint imafuna RAM yosachepera 2GB ndi malo a 20GB, koma kuti muigwiritse ntchito momasuka pamafunika 4GB ndi malo a 100GB. Ine ndimaika Cinnamon pa makina a 4GB kupita m'mwamba, ndipo Xfce pa ochepera apo kapena amene purosesa yake ndi yofooka kwambiri. Xfce siyokongola ngati inzakeyo koma ndi yopepuka. Dziwaninso kuti kuyambira pa Mint 20, imangoyenda pa makina a 64-bit okha. Mint 22 idzalandira zokonza mpaka 2029.

Pali sitepe imodzi imene ambiri amaidumpha, yotsimikizira kuti fayilo imene mwatsitsa ndi yeniyeni. Patsamba lomwelo pali nambala yaitali yotchedwa SHA256. Pa Windows tsegulani Command Prompt mu foda imene muli fayiloyo, lembani certutil -hashfile, kenako dzina la fayilo, kenako SHA256. Nambala imene ituluke ifanane ndendende ndi ya patsamba. Mu February 2016 akuba a pa intaneti analowa patsamba la Mint n'kulozera anthu ku ISO imene anaibisiramo khomo lawo lolowera. Zinagwidwa msanga, koma zinachitika. Ngakhale popanda akuba, intaneti ikaduka pakati fayilo imatha kubwera yopunduka, n'kukuvutitsani pambuyo pake musakudziwa kuti vuto lachokera kuti.

Tsopano pezani flashi ya 8GB imene mulibe nayo ntchito, chifukwa zonse zili m'menemo zifufutika. Kungokokera fayilo ya ISO pa flashi ngati nyimbo sikuthandiza, kompyuta siiona. Mufunika pulogalamu yoilemba moyenera. Ine ndimagwiritsa balenaEtcher chifukwa ili ndi mabatani atatu okha: sankhani fayilo, sankhani flashi, dinani Flash. Rufus nayonso imagwira bwino.

Zimitsani laputopu, lowetsani flashi, yatsaninso, ndipo nthawi yomweyo yambani kudina mobwerezabwereza batani lotsegulira menyu ya boot, yosankhira pamene makina ayakire. Pa Dell ndi Lenovo zambiri ndi F12, pa HP ndi F9, pa Asus kawirikawiri ndi Esc. Mukaona Windows ikuyaka ndiye kuti mwachedwa, zimitsani muyambirenso. Musataye mtima, ine ndimaphonya kawiri katatu pa makina amene sindiwadziwa. Ngati flashi sikuoneka pamndandanda, lowani mu BIOS, menyu yosinthira mmene makinawo amayakira, kawirikawiri ndi F2 kapena Del, muone ngati makinawo akuloledwa kuyakira pa USB.

Mint ikatseguka, imakhala ikuyendera pa flashi ndipo sinakhudze kanthu pa disiki yanu. Mpata umenewu ndi wamtengo wapatali, musauthamangire. Lumikizani Wi-Fi. Imbani vidiyo mumve ngati mawu akutuluka. Yesani kamera, mabatani owonjezera ndi kuchepetsa kuwala, kamalo koyendetsera chala, ndipo ngati muli ndi pirinta ilumikizeni musindikize tsamba limodzi. Tsekani chivundikiro cha laputopu, muitsegulenso muone ngati idzuka. Zonse zizioneka zochedwerako chifukwa flashi ndi yochedwa kuposa disiki, zimenezo zisakuopseni. Mukaona kuti simukuikonda, chotsani flashi, Windows yanu ili chikhalire.

Mukakhutira, lumikizani chaja kaye, kenako dinani kawiri pa Install Linux Mint. Ikufunsani chinenero ndi mtundu wa kiyibodi, ndiyeno za multimedia codecs, timapulogalamu toseweretsera mavidiyo ndi nyimbo. Pamenepo chongani, apo ayi mavidiyo ena adzakana kuseweredwa. Funso lotsatira ndi limene lili lalikulu: kuika Mint pambali pa Windows, kapena kufufuta disiki yonse. Kwa munthu woyamba kumene, amene ali ndi malo okwanira, ndimalangiza kuziika pambali, kuti poyatsa azisankha yomwe akufuna. Musanatero zimitsani Fast Startup mu Windows, ndipo ngati disiki inatsekedwa ndi BitLocker, loko wa disiki wa Windows, lembani kiyi yake papepala. Pa laputopu yanga ndinafufuta zonse patatha miyezi ingapo, nditaona kuti Windows sindikuitsegulanso. Chotsala ndi dzina lanu ndi pasiwedi. Pasiwedi imeneyi muiloweze pamtima, chifukwa Mint izikufunsani nthawi iliyonse imene mukuika pulogalamu kapena kusintha chinthu chachikulu. Ena amadandaula nazo, ine ndimaona ngati loko wapakhomo.

Ikamaliza ikuuzani kuti muchotse flashi. Ikayakanso mudzaona windo yokulandirani, ndipo pali zinthu zitatu zimene ndimachita ndisanadzuke pampando. Ndimatsegula Timeshift, imene imajambula mmene makina alili kuti zikasokonekera mubwerere pomwe munali. Imateteza mafayilo a makinawo, osati zithunzi ndi makalata anu, choncho hard disk yakunja ija ikufunikabe. Kenako Driver Manager, makamaka ngati Wi-Fi inakana. Makadi ena a Wi-Fi a kampani ya Broadcom amafuna dalaivala yapadera, pulogalamu yowayendetsera, ndipo kuti muitenge pamafunika intaneti yomwe mulibeyo. Njira yake ndi yolumikiza foni ndi chingwe cha USB n'kuyatsa USB tethering pafonipo. Mint imaiona ngati intaneti ya pawaya. Chachitatu ndi kachishango kali pafupi ndi wotchi. Kameneko ndi Update Manager, kadinine kaike zokonza zonse.

Mapulogalamu muziwatenga mu Software Manager. Mafayilo a .exe ndi a Windows, pano sayenda pawokha. Firefox ilimo kale, LibreOffice ilimo kale: Writer m'malo mwa Word, Calc m'malo mwa Excel, Impress m'malo mwa PowerPoint. LibreOffice inapatuka ku OpenOffice mu 2010 ndipo imatsegula ndi kusunga .docx ndi .xlsx. Ngati kalata yochokera kwa munthu wa Word ikuoneka yosokonekera, mizere itadumphira tsamba lina, nthawi zambiri vuto ndi mafonti. Ikani Carlito ndi Caladea, amene kukula kwa zilembo zake n'kofanana ndi Calibri ndi Cambria, ndipo masamba abwerera m'malo mwake. Kalata yofunsira ntchito kapena chilichonse chimene sindikufuna chisinthe maonekedwe ndimatumiza ngati PDF. Kwa olemba Chichewa amene amafuna chilembo cha ŵ, m'mapulogalamu ambiri dinani Ctrl, Shift ndi U pamodzi, lembani 175, kenako Enter.

Sindikubisirani: Photoshop ndi Microsoft Office yeniyeni siziikidwa mwachindunji pa Linux. Pali GIMP yokonzera zithunzi, koma amene anakulira pa Photoshop adzaimva kulimba m'manja. Ngati ntchito yanu imadalira pulogalamu imodzi imene imangoyenda pa Windows, musafufute Windows. Palibe chifukwa chodzivutitsira chifukwa chongokonda dzina la Linux.

Chinthu china chimene ndimasintha ndi injini yofufuzira. Mu Firefox pitani pa Settings, kenako Search, musankhe imene mukufuna. Ine ndimaika DuckDuckGo, imene inayamba mu 2008 ndipo imanena kuti sisunga mbiri ya zimene munthu amafufuza. Zotsatira zake zambiri zimachokera ku Bing, injini ya Microsoft, ndipo nthawi zina Google imaipambana. Zikatero sindichoka patsambalo, ndimangoyamba funso langa ndi !g ndipo imanditumiza ku Google; !w imanditumiza ku Wikipedia. Chimene ndimakana n'chakuti kampani imodzi idziwe funso lililonse limene limabwera m'mutu mwanga, kuyambira matenda mpaka ngongole.

Kufufuzako ndi kumene kudzakupulumutseni tsiku limene china chake chakana. Musalembe kuti Wi-Fi yanga sikugwira, mudzamira m'mayankho osakhudza makina anu. Koperani uthenga wa vutolo monga mmene waonekera, muuike pakati pa zizindikiro za " ", muwonjezere Linux Mint 22 ndi dzina la chipangizocho. Kuti mudziwe dzinalo, tsegulani Terminal, windo yolembamo malamulo, mulembe inxi -Fxz. Ikuonetsani purosesa, khadi ya Wi-Fi ndi zina zonse, ndipo chilembo cha z chimabisa manambala amene simuyenera kuonetsa anthu. Yankho lililonse muziona chaka chimene linalembedwa, chifukwa malangizo a 2014 akhoza kuwononga makina a lero. Mayankho a Ubuntu nthawi zambiri amagwiranso pa Mint, popeza Mint imamangidwa pa Ubuntu. Ndipo lamulo lililonse loyamba ndi sudo limakupatsani mphamvu zonse pa makinawo, choncho musalikopere musanamvetse chimene likuchita. Likakhala ndi rm mkati mwake, limafufuta, ndipo zofufutidwazo sizipita mu bini.

Ngati mwachita zonsezi koma laputopu ikuchedwabe kuyaka, iikeni khutu. Mukamva kachinthu kakuzungulira n'kumalira kuti tchetchetche, ndiye kuti muli hard disk yakale ija ya mbale. Pa malaputopu ambiri a zaka zimenezo, pansi pali kachitseko ka masikuluwu awiri kapena atatu, ndipo SSD ya mainchesi 2.5, disiki yachangu yopanda mbale yozungulira, imalowa pamalo omwewo popanda kusintha china. Yanga ndinaisintha chaka chachiwiri nditaika Mint. Disiki yakaleyo ndinaiika m'kabokosi ka USB, ndipo ndi imene ndimasungirapo mafayilo a anthu ndisanakhudze makina awo.